Mlandu wa Chala cha aNatembo

Panangokhala.

Tili tonse.

Panangokhala aNatembo, mayi wa zaka za m'ma 60, pamudzi wina wa m'mbali mwa Luangwa, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera ku mishoni ya Katondwe. Anali mayi wolimbikira ntchito, pamenepo tisawanamizire. Masau akapsa m'miyezi yozizira ankatola, n'kuyanika, n'kukweza matumba pagalimoto kupita nawo ku Luangwa Bridge, kumene mabasi a pamsewu wa Great East amaima kuti apaulendo agule nsomba zouma ndi madengu. Nyumba yawo inali ya malata. Chimene chinkawaononga ndi pakamwa, ndiponso mtima wosalola kuti mayi wina awapose kutchena tsiku Lamulungu.

Ana anabereka awiri. Wamwamuna, Yohane, anagwidwa ndi ng'ona m'mamawa akuonjola ukonde, nasiya mkazi wake Nalungu, amene anachita kumutenga chitengwa kutsidya kwa mtsinje. Pamaliro palibe ankadziwa kuti Nalungu ndi woyembekezera, ngakhale mwini wakeyo. Patatha miyezi 8 kunabadwa mwana wamkazi, Misozi. ANatembo anakhala pakhonde kuwerenga miyezi pazala, ndipo kaya chala china anachiwerenga kangati, anapeza khumi. Kuyambira tsiku limenelo ankauza aliyense kuti mwanayo si wa Yohane.

Nalungu kwawo kunalibenso makolo. Anyakwawa anamupatsa malo kumapeto kwa mudzi, iye n'kumakazinga zitumbuwa ndi kudula bango logulitsa kwa osoka mphasa. Misozi anakula akudutsa pakhomo pa aNatembo popita kusukulu, m'mawa ndi masana, zaka 14, osatchulapo liwu loti ambuya.

Mwana wachiwiri, wamkazi, anakwatiwa ku Chawama mu Lusaka. Ameneyu ndiye anatumiza phukusi chaka china chakumapeto, ndipo m'phukusimo munali nsapato za pasalaula: zofiira, zonyezimira, zosongoka kutsogolo, za gogoda. Saizi yake inali 6. Phazi la aNatembo linali 7, lotambalala, phazi lokulira mumchenga wa Luangwa osapanikizidwa ndi kanthu.

Munthu wina akanazipereka kwa mdzukulu. ANatembo analowetsamo nyuzipepala yonyowa usiku wonse kuti zikule, m'mawa anadzola mafuta kuphazi, nakankha, nakankha, mpaka phazi linalowa. Kuyenda nazo ola lathunthu sikukanatheka, choncho Lamulungu ankazimanga m'kansalu n'kuzisenza pamutu, iwo ali pa patapata. Akafika pamtengo wa mango woyandikira tchalitchi ankakhala pamuzu, kupukuta fumbi, kuvala, n'kulowa mochedwa dala kuti gogo gogo amveke mpaka kuguwa. Misa yonse zala zinali pamoto, koma nkhope inali ya munthu wopemphera. Kenaka anayamba kuzivala kumaliro, kumsonkhano wa amayi, ngakhale pogulitsa masau, tsiku lathunthu chiimire.

Tsono pambali pa chala chachikulu cha phazi lamanja panali kale kafupa kotuluka pang'ono, ka chiyambire utsikana wawo. Sikankapweteka, poti patapata alibe naye mkangano fupa. Zaka ziwiri za nsapato zofiira zitatha, kafupa kaja kanakula, khungu la pamwamba pake linafiira n'kukhuthala, chala chachikulu chinapendeka mpaka kulowa pansi pa chinzake, chinzakecho n'kudzuka chopindika. Akavula nsapato madzulo ankachita kuluma chitenge.

Anzawo a pachitsime anabwera kudzazonda. Wina anayang'ana phazilo nthawi yaitali, natsitsa mawu.

"ANatembo, apa mwaponda. Izi si za Mulungu ayi. Kodi panjira yanuyi amadutsa ndani m'bandakucha?"

Ankadutsa anthu ambiri, mudzi wonse umatunga pachitsime chimodzi. Koma aNatembo anaona munthu mmodzi yekha.

Anakwera bwato kuwoloka kupita kwa sing'anga wina wa kutsidya. Iyeyo anagwedeza nsupa, nafunsa ngati pali munthu amene anayambana naye. Ndani wafika zaka 60 pamudzi wopanda woyambana naye? ANatembo anatchula okha dzina la Nalungu, anafotokoza okha nkhani ya mwana, kenaka analipira mbuzi ndi K300 kuti amve zomwezo zikutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Sing'anga anatema mphini zisanu pamwamba pa fupa ndi lezala, napaka phulusa lakuda, nayamwa ndi nyanga, nalavula munga wa nsomba m'chipanda.

"Si uwu! Akanakupuwalitsani mwendo wonse."

ANatembo anabwerera akuimba. Fupa linali pomwepo, koma anati likuphwa pang'onopang'ono. Lamulungu lotsatira anakankhiranso phazi la mabalalo m'nsapato yofiira. Unali mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la kuchigwa kuno limawotcha mpaka nkhuku kuyasamula. Pofika Lachinayi phazi linali litatupa kufika pakakolo, likutuluka mafinya, mwini wake akunjenjemera ndi kutentha thupi. Anyamata anawakweza pangolo ulendo wa kuchipatala cha Katondwe.

Mishoni imeneyi ndi yakale. Anaiyamba ansembe a chiJezuiti amene anawoloka Luangwa atathamangitsidwa ku Mozambique mu 1910, ndipo lero chipatala chake chimalandira odwala a mbali zonse ziwiri za mtsinje. Anamwino kumeneko mphini zoola si zachilendo kwa iwo. Anatsuka bala, anabaya jekeseni woteteza kafumbata, anayamba mankhwala opha tizilombo, nayeza magazi kuti aone ngati muli shuga.

"Mwayi wanu mulibe shuga, ambuya," anatero namwino akumanga bandeji. "Wa shuga akatema mphini kuphazi, bala limakana kupola. Ena amathera kudulidwa mwendo."

Kutentha thupi kutatsika, tsiku lachinayi, kunabwera dokotala wachinyamata. Anakhala pampando wamfupi, naika phazi la aNatembo pabondo pake, nagwedeza chala chija uku ndi uku.

"Ambuya, ululuwu unayamba bwanji? Unakudzutsani usiku mwadzidzidzi, mfundo itatentha, moti ngakhale nsalu ikakhudza mumalira?"

"Iyayi, adokotala. Unabwera mozemba. Umakula ndikayenda, makamaka pochoka ku Misa."

"Ndiye si gauti. Gauti nayenso amakonda chala chomwechi, koma amagwa ngati mphezi ndipo mankhwala ake ndi ena. Nanga zala za m'manja zimauma m'mawa, mfundo n'kutupa mbali zonse?"

"Manja ali bwino. Vuto ndi chimene anandiikira m'phazimu. Munga wina anachotsa, koma watsala wina."

Dokotala sanaseke. Anatenga chala cha aNatembo cha m'manja nachiyendetsa pamwamba pa phazi lawo lomwe.

"Gwirani apa. Phazi la munthu lili ndi mafupa 26. Ili mukulimvali ndi fupa lalitali limene limachokera pakati pa phazi kudzathera pamene chala chachikulu chayambira. Mwa anthu ena fupali limapatuka pang'onopang'ono kusiyana ndi anzake, chala n'kumapendekera mbali inayo, kwa zala zinzake. Chimene mukuti chotupachi ndi mutu wa fupa lanu lomwe, watulukira pambali. Nsapato ikamapakhula, kathumba ka madzi kamene kali pamwamba pa mfundo kamatupa, ndiye kufiirako ndi kuwotchako. Munthu atayamwa chaka chathunthu sangatulutse fupa."

"Nanga lapatukiranji, ngati palibe wolipatutsa?"

"Kawirikawiri ndi zakumtundu. Pali mabanja amene mitsempha yomanga mfundo ndi yofewa, ena phazi ndi lathyathyathya. Amayi ndiwo amavutika kwambiri kuposa abambo. Nyamakazi ya m'mfundo imathanso kuyambitsa, n'chifukwa chake ndafunsa za manja. Ngakhale oyenda chosavala amakhala nalo vutoli, kungoti ambiri siliwapweteka. Kodi nsapato zimene mumavala mwabwera nazo?"

Zinali m'chikwama, pansi pa pilo. Sakanazisiya kunyumba kuopa akuba. Dokotala anang'amba pepala m'kope, nawaimiritsa papepalapo, nazunguliza bolopeni kuzungulira phazi lonse. Kenaka anaika nsapato yofiira pamwamba pa chojambulacho. Mzere wa bolopeni unaonekera kunja mbali zonse ziwiri, ndipo pamalo pa fupa unatuluka kuposa kukula kwa chala cha m'manja.

"Zonsezi zotsala kunjazi mumazilowetsa kuti? Kutsogolo n'kosongoka, kumasonkhanitsa zala pamodzi. Gogodayu amakweza chidendene, thupi lonse n'kutsamira pamfundo yomweyi. Nsapato sinabale vutoli yokha, koma yalilera."

Pakhadi analembapo mawu akuti hallux valgus, nayamba kufotokoza zochita. Nsapato ikhale yotakata kutsogolo, yofewa, yopanda gogoda, ndipo pogula aziyesa madzulo phazi litafufuma, kapena atenge pepala lija kumsika. Pafupa aziikapo kansalu kofewa kapena kasiponji kobowola pakati, pakati pa zala ziwirizo kathonje. Pakawotcha, nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko. Ululu ukakula amwe panado. Bulufeni amathandizanso koma azimwa atadya, ndipo wa zilonda za m'mimba kapena wa vuto la impso asamukhudze.

"Ndiye chiwongoka liti?"

"Sichiwongoka, ambuya, ndisakunamizeni. Zimenezi zimachotsa ululu ndi kukuthandizani kuyenda. Ngakhale zomangira chala zogulitsa m'mafamase a ku Lusaka sizibweza fupa. Chobweza fupa ndi opaleshoni: amajambula X-ray mutaimirira, amadula fupa, kulisuntha, n'kulimanga ndi tizitsulo. Kumeneko tingakutumizeni kwa madokotala a mafupa, monga a kuchipatala cha UTH. Koma mudzatha milungu 6 kapena kuposa musakuyenda bwino, kutupa kumatenga miyezi, ndipo mwa ena chala chimadzapendekanso. Timapanga munthu akalephera kuyenda ndi ululu ngakhale atasintha nsapato. Sitipanga kuti phazi likongole."

ANatembo anathokoza mwaulemu, poti analeredwa. Koma ali pangolo kubwerera anauza anyamata kuti mwana uja sukulu anaphunzira, za kumudzi sazidziwa. Ngati ndi zakumtundu, bwanji zadikira zaka zonsezi? Bwanji iwo okha? Bala litangopola anakagwada kwa anyakwawa kuti aitanitse bwalo.

Anthu anasonkhana pansi pa mlambe, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo. Anyakwawa anayamba ndi chenjezo.

"ANatembo, musanalankhule dziwani kuti lamulo la boma limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mukatero mlandu uchoka pano, upita kupolisi ku Boma, ndipo womangidwa mukhala inu."

"Mfumu, ine sinditchula munthu. Ndingoti phazi langali lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo amadutsa pakhomo panga m'bandakucha ndi ndowa."

Maso onse anapita kwa Nalungu. Iye anagwada, nawomba m'manja.

"Amayi, pakhomo panu sindinapondepo chichitikire maliro a mwana wanu. Njira ya kuchitsime ndi ya tonse. Ngati madzi ndisiye kutunga, anene ndi amfumu."

Phokoso linabuka. Ena ankati munga wa nsomba sungalowe wokha m'phazi, ena ankati munga unali m'tsaya mwa sing'anga. Mkati mwa phokosomo munamveka kukhosomola. Anali aSokeni, nkhalamba yosoka nsapato, imene yakhala pansi pa mtengo umodzimodzi kumsika chiyambire nthawi ya Kaunda. Anali atakoka thumba lalikulu la saka, la nsapato zimene eni ake anasiya osabwera kudzaombola.

"Mfumu, ine za mankhwala sindidziwa. Nkhope za anthu ndimaiwala. Koma mapazi a mudzi uno ndimawadziwa onse, amoyo ndi akufa."

Anapisa dzanja m'thumba natulutsa nsapato ya tenesi ya Bata, yoyera kalekale, tsopano yofanana ndi dothi. Pambali pa chala chachikulu panali chigamba cha chubu cha njinga, chosokedwa mozungulira, chotukuka.

"ANatembo, mwaizindikira? Ya malemu amayi anu. Anabwera nayo mu 1991, chaka chimene Kaunda anatuluka m'boma. Inabooka apa. Ndinaika chigamba, anati abwera mawa ndi ndalama. Kodi amayi anu anawalodza ndi Nalungu? Nthawi imeneyo Nalungu anali kumsana."

Anthu anaseka. ANatembo anati amayi awo ankayenda kwambiri, n'chifukwa chake.

"Chabwino. Nayi ya akulu anu, amene anakwatiwa ku Kapoche. Onani pobooka." Anaiika pambali pa inzake. Chigamba chinali pamalo omwewo.

Anapisanso, ndipo ulendo uno anachedwa kutulutsa dzanja. Inali jombo yampira, ya phazi lamanja, yong'ambika pambali.

"Iyi mundikhululukire. Yohane anaisiya sabata imene anapita kumadzi. Sindinafune kukukumbutsani, n'chifukwa chake sindinabwere nayo. Mnyamata uja jombo iliyonse ankaiboola apa, ndinkamunena kuti phazi lake lili ndi chigongono."

Panalibe woseka. ANatembo anatenga jomboyo, nalowetsa chala pong'ambikapo. Anakumbukira kuti ankamukalipira mwanayo chifukwa chotha nsapato za sukulu mbali imodzi.

"Yatsala imodzi," anatero aSokeni. "Iyi si yakale, yabwera sabata yatha, ndipo mwini wake analipiriratu. Dzina sinditchula."

Inali nsapato yakuda ya mtsikana wa sukulu, ya lamba. Chikopa cha pambali pa chala chachikulu chinali chitatukuka n'kuyera, ulusi utayamba kumasuka. Anaiika pamzere, yachinayi. Kumbuyo kwa amayi, Misozi anakoka siketi kuti aphimbe mapazi, ndipo kukokako ndiko kunamuulula.

Mphunzitsi wina wopuma anaimika dzanja. "Mfumu, tisathamange. Phazi si chitupa cha kubadwa. Mapazi otere alipo m'mabanja ambiri, mwina ngakhale kwawo kwa Nalungu."

"Mwanena zoona, aphunzitsi," anayankha anyakwawa. "Bwalo lino silikuweruza za bambo wa mwana. Amene anayambitsa nkhani imeneyo ndi mmodzi yekha pamudzi pano, ndipo ena tonsefe tinkaona makutu a mwanayu n'kungokhala chete."

ANatembo anadzuka motsimphina, nadutsa pakati pa amayi, nakaima pamaso pa mtsikanayo. Zaka 14 anali asanamuyang'anepo kumaso.

"Iwe, ponda apa."

Misozi anayang'ana mayi ake. Nalungu sanagwedeze mutu, koma sanaletse. Mtsikanayo anaponda pamchenga nachotsa phazi. ANatembo anavula patapata naponda pambali pake. Anawerama nthawi yaitali, manja ali m'mawondo.

"Nsapato ija ndi saizi yanji?"

"4."

"Phazi ili ndi la 4?"

"Ndi 5. Amayi anati tidikire agulitse bango."

Pamenepo aNatembo anatembenuka, mawu ali pamwamba monga mwa masiku onse. "Inu Nalungu, simukuona kuti mukumupha phazi mwanayu? Kutsogolo kufunika kotakata! Adokotala ananena! Mukufuna mdzukulu wanga adzayende ngati ine?"

Nalungu anali chigwadire. Anadikira mpaka bwalo lonse litakhala zii.

"Mwati ndani, amayi? Kumbuyoko sanamve."

ANatembo anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anayang'ana anyakwawa kuti mwina awapulumutsa. Anyakwawa anali otanganidwa ndi kufwenkha fodya.

"Ndati mdzukulu wanga."

Chigamulo sichinachedwe. ANatembo apereke mbuzi kwa Nalungu chifukwa chomuipitsira mbiri, amugulire Misozi nsapato yomukwana, ndipo apite naye okha ku Katondwe kuti adokotala akaone phazilo lidakali laling'ono. Mbuzi inali imodzi yokha pakhola, inayo inadyedwa kutsidya, ndipo inapita tsiku lomwelo. Nalungu anailandira ndi manja awiri, koma atapemphedwa kuti asamukire kufupi ndi apongozi ake anakana. Anati kumapeto kwa mudzi anazolowerako, ndipo mwana ngati afuna kupita kwa ambuya ake ali ndi miyendo. Chaka chinatha asanakhale pamphasa ya pakhomopo, ndipo ine sindimuimba mlandu.

Anthu akubalalika, aSokeni anagwira aNatembo pachitenge.

"Mayi, mlandu suola. Chigamba cha amayi anu chinali K20. Cha akulu anu ndikawalondola ndekha ku Kapoche, cha Yohane ndakhululuka. Koma K20 ija ndaidikira zaka zoposa 30."

ANatembo, munthu wa pamsika, anawerenga pazala, ndipo ulendo uno sanabwereze chala.

"K20 ya 1991? ASokeni, mwaiwala kuti boma linadula maziro atatu pandalama mu 2013? K1,000 inasanduka K1. Ndiye K20 yanuyo ndi 2 ngwee." Anamasula mfundo ya pakona pa chitenge, nafufuza pansi pa makwacha, natulutsa kakobiri ka 5 ngwee. "Nayi. Mundibwezere chenji."

"Mayi inu, Mulungu akukuonani!"

"Andione. Ndipo tengani pepala ili, adokotala anajambulapo phazi langa. Mundidulire nsapato za tayala motsata mzerewu, malamba ake ofewa, asadutse pafupapa. Mawa ndibwera ndi mwana mudzamujambule nayenso, zoyendera pakhomo."

"Nanga zofiira zija?"

"Mundigulitsire. Koma wogula ayambe waponda papepala."

ASokeni anapinda pepalalo naliika m'thumba la malaya, natambasula dzanja.

"Mapeyala awiri, K120. Banja lanu ndalidziwa. Ndalama zitsogole."